Mafuta a Zitumbuwa m'Chilimba cha ba Mweemba

Nkhani iyi sindinamuuzepo munthu. Malemu mkazi wanga, amene ankadziwa ngakhale malo amene ndinkabisa fodya, anapita kumanda osaidziwa. Ndaisunga zaka zambiri pamodzi ndi kabatani kakuda kamene kali m'chitini pansi pa bedi langa. Lero ndaona kuti ndiilembe ndi dzanja langa lomwe, popeza dzanjali ndi limene linayamba zonse. Amene akufuna kuseka aseke. Ine ndinaseka mochedwa.

Chinali chaka chotsatira chija tinadya ufa wachikasu. Ndinkagwira ntchito ku njanji kuno ku Livingstone, yothira oyilo ndi girizi m'mawilo a mabogi, moti dzina langa lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti ba Girizi. Zikhadabo zanga zinali zakuda ngakhale pa Khirisimasi.

Tsono pali chinthu china chimene muyenera kudziwa. Ndinachoka ku Katete ndili mnyamata, osadziwa ngakhale a. Atate ankati mbuzi sizidziweta zokha, ndipo sukulu inandipita. Ndinafika zaka makumi anayi ndi zisanu ndikuchita manyazi ndi pepala lililonse. Koma kubisa ndinkakudziwa. Ndinkayenda ndi nyuzipepala m'thumba la kumbuyo, ndipo wina akati ndimuwerengere kalata ndinkagwira pachifuwa n'kunena kuti ndaiwala magalasi. (Magalasiwo ndinali ndisanagulepo.) Chaka chimenecho ndinayamba sukulu ya akuluakulu mu holo ya tchalitchi china ku Libuyu, kutali ndi ku Dambwa kumene tinkakhala, kuti anzanga asandione. Ndikapita kumeneko ndinkati ndikupita ku kwaya.

Anzangawo anali awiri. Ba Mweemba, Mtonga, ankayendetsa kabasi kotenga alendo ku bwalo la ndege. Ba Sitali, Mlozi, ankagulitsa mvuu ndi akadyamsonga osema ku Mukuni Park. Chimene chinkatisonkhanitsa chinali chilimba cha ba Mweemba.

Musaganize za kawailesi konyamula paphewa. Ichi chinali chosanjikiza kanayi ngati nyumba za ku Lusaka, chokhala ndi timagetsi tobiriwira tovina tokha, ndi masipika awiri aatali ngati ana a giredi 3. Ba Mweemba anachigula pang'onopang'ono, chigawo chigawo, ndipo ankachipukuta ndi nthenga ya nkhanga. Mpando wawo unali pakati penipeni pa masipikawo, ndipo pansi anajambulapo ndi choko kuti usasunthe. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tinkakhala mmenemo ngati tabwereranso ku mapemphero. Nyimbo za kalindula zikayamba, kutsokomola kunali mlandu.

"Osamva chabe, mudala," ankatero, maso atatseka. "Mvetserani. Besi ija mwaimva? Yapita pansi pa mupando."

"Mutonga na besi," ankayankha ba Sitali, popeza Atonga ndi Alozi ndi pachimbuya, ubale wonyozana mwanthabwala. "Iwe unazolowera kulira kwa ng'ombe, ndiye chifukwa."

Ine udindo wanga unali wowerenga maina a nyimbo pa chikuto cha kaseti. Inde, ine. Ndinkaloweza ndi khutu nyimbo zikamalira, ndipo sabata yotsatira ndinkagwira kapepalako patali, n'kutchula maina ngati mlembi wa khoti. Anzanga ankandipatsa ulemu wa munthu wophunzira, ndipo ndinkaudya bwinobwino.

Mkazi wa ba Mweemba, bana Mutinta, ankakazinga zitumbuwa kuseri kwa nyumba n'kumagulitsa pamsewu. Iwo sankaloledwa kukhudza chilimbacho ngakhale ndi chitenje. Ankangotiyang'ana pakhomo n'kupukusa mutu. "Amuna atatu akuluakulu, kuyang'ana kabati," ankatero.

Sabata ina mu Okutobala, mwezi umene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi, aphunzitsi athu anatiuza kuti Lolemba aliyense adzaimirira kutsogolo n'kuwerenga tsamba lathunthu. Anati tikayeserere kunyumba mokweza, tidzimvetsere tokha. Mawu akuti tidzimvetsere tokha aja anandikhala m'mutu. Ndipo Satana, amene sachedwa, anakonza kuti Loweruka lomwelo ba Mweemba ndi akazi awo apite ku ukwati ku Simonga, kwawo kwa mayiyo.

"Ba Girizi, kiyi ni iyi," anatero ba Mweemba pondipatsa. "Mipando bangabe, mapoto bangabe, koma chilimba bakagwira, ine nafa. Nakhulupirira imwe chabe."

Ndinalandira kiyi ndi manja awiri. M'thumba ndinali nditaikamo kale kaseti yopanda kanthu ndi buku langa la kusukulu, la nkhani ya mbuzi.

Atangokhota pakona ndinalowa, ndinatseka chitseko, ndipo ndinakhala pa mpando wa choko uja. (Unali wofewa kuposa mmene ndinkaganizira.) M'chilimba munali kaseti ya rumba imene mwiniwake anasiyamo. Ndinati ndiyambe ndaiyesa. Itayamba kulira ndinamva kuti ikukoka pang'ono, woimbayo ngati walawako kachasu. Lero ndikudziwa kuti lamba wa m'kati anali atatopa ndi kutentha. Koma tsiku limenelo ndinamva ndi khutu la munthu wa njanji, ndipo munthu wa njanji akamva chinthu chikukoka saganiza kawiri. Chozungulira chilichonse chimafuna mafuta. Ndinali nditaziona zaka makumi awiri.

Oyilo ndinalibe. Ndinapita ku khichini, ndinapeza botolo la mafuta ophikira a bana Mutinta, aja timawatcha saladi. Ndi kamtengo ka machesi ndinadonthezera madontho atatu pa tizitsulo tozungulira. Kenako ndinaganiza kuti chilimba chachikulu chotere madontho atatu n'chipongwe. Ndinatenga sipuni yaing'ono.

Ndinaikamo kaseti yanga, ndinalumikiza maikolofoni imene ba Mweemba ankasungira maukwati, ndipo ndinadina batani lofiira. (Lofiira ndinkalidziwa. Mtundu sufuna sukulu.) Ndinayeretsa kukhosi n'kuyamba.

"Mbu-zi ya-dya chi... chi-pe... chi-pe-wa. Chipewa! A-ta-te a-kwi-ya. A-ta-te a-tha... a-tha-ma... Iwe, mutu ngati dzungu. Bwereza."

Ndinawerenga tsamba lonse, thukuta lili kamukamu, ndikudzitukwana pa mzere uliwonse. Ndinaona kuti timawilo ta kaseti tikuzungulira pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, koma ndinati mwina chilimbacho chikumvetsera mofatsa. Nditafika pamene atate agwa m'matope, ndinamva kuti kwee, kenako kho. Timawilo tinaima.

Ndinadina batani lobwezera. Zii. Ndinadina lotsegulira kachitseko. Zii. Ndinadina onse pamodzi. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinapemphera, ndinayatsanso. Kachitseko kanakana, ndipo m'kati munali ine, mlembi wa gulu, ndikulimbana ndi chipewa.

Mwayi wake kagalasi ka kachitsekoko kanali kakuda, kaseti inkangooneka ngati mthunzi. Ndinapukuta ponseponse ndi malaya anga, ndinakankhira kaseti ya rumba kuseri kwa kabati, ndinabweza botolo pamalo pake, ndipo ndinakakhala pakhonde ngati galu wokhulupirika mpaka eni nyumba anabwera.

Lamlungu tinasonkhana monga mwa masiku onse. Ba Mweemba anachotsa kansalu koluka, anapukuta manja, anadina batani. Anadinanso. Anatembenuka n'kutiyang'ana ngati munthu amene wapeza khola lili pululu.

"Sichikamba," anatero.

Ine maliro ndaona ambiri, koma a tsiku limenelo anali apadera. Ba Mweemba anatsika pampando n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. Ba Sitali anavula chipewa. Tinayamba kulankhula monong'ona. Aneba awiri amene anazolowera kumvera pa mpanda anabwera kudzafunsa chimene chachitika, ndipo atamva anakhala nawo pansi. Wina anafika ponena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu.

"Dzulo palibe anagwira, ba Girizi?" anafunsa ba Mweemba.

"Palibe," ndinatero. "Ndinali pakhomo tsiku lonse." (Pakhomo ndinalidi. Mbali yake ndiyo sindinatchule.)

Bana Mutinta anasuzumira. "Nanga wailesi yake si ikamba? Timalaiti si tuvina? Mverani nyuzi."

"Bana Mutinta, munthu akathyoka khosi munganene ati miyendo ili bwino? Chilimba ni kaseti!"

Apa m'pamene madokotala anayamba. Ba Sitali anati chingofuna khofi limodzi labwino pambali, popeza wailesi yawo inachira motero. Atakweza dzanja, ba Mweemba anawagwira pamkono ngati akuteteza mwana. Neba wina anati ndi fyuzi, tikulunge ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Wina anati ndi mphemvu, tichiike padzuwa zituluke zokha. Ba Sitali anati ayi, chilimba chadabwa ndi nyimbo za Chitonga, chaganiza zongofa. Palibe anaseka.

Onse ankafuna chichire. Ine ndekha ndinkapemphera kuti chisadzuke mpaka tsiku lachiweruzo.

"Tiitane ba Mulenga," anatero ba Sitali. Ba Mulenga anali Mbemba wokonza mawailesi pafupi ndi msika, munthu wodziwa ntchito yake.

"Abale, tisafulumire," ndinatero ndi mawu a munthu wophunzira. "Makina ali ngati munthu, nthawi zina amangofuna kupuma. Ndiponso okonzawa mukuwadziwa. Chilimba chikagona ku shopu, amachotsa zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. Chimabwera chikulira ngati chitini."

Ba Mweemba anagwedeza mutu. "Ba Girizi bakamba zoona. Chipume sabata imodzi."

Ndinabwerera kunyumba ndikudziyamikira nzeru. Lolemba ndinawerenga tsamba lija kutsogolo kwa kalasi, ndipo pa chipewa ndinadutsa osapunthwa.

Lachitatu ndinapita kukapepesa maliro. Ndinapeza ba Mweemba ataonda. Chilimba anachifunditsa chitenje, ndipo iwo anakhala moyang'anana nacho, osadya. Atatuluka kupita kuchimbudzi, ndinasolola sipuni m'thumba (inde, sipuninso), ndinalowetsa chogwirira chake pansi pa batani lotsegulira, n'kukanikiza pang'ono. Pang'ono pokha. Batanilo linati thyo, linadumpha, linandimenya pamphumi n'kugwera pamiyendo panga. Nditamva mapazi, ndinaliponya m'thumba.

"Batani ili kuti?" anakuwa ba Mweemba atangovundukula chitenje.

Tinalifuna tonse awiri, chogwada, pansi pa mipando, ine ndikusuntha ngakhale kapeti mwakhama. Potsiriza iwo anaimirira n'kuyang'ana ku khichini.

"Ni tsache," anatero. "Nakamba kangati kuti osapyanga pafupi na chilimba?"

"Ine sinapyangeko uko!" anayankha bana Mutinta ali kuseri. Kenako anabwera n'kuima pakhomo, n'kundiyang'ana ine, osati amuna awo. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ine ndinayamba kuwerenga malata a denga.

Loweruka linafika, ndipo nzeru zanga zinandibwerera ngati mwala woponya kumwamba. Ba Mweemba anaitanadi ba Mulenga, koma chifukwa cha malangizo anga anakana kuti chilimba chipite ku shopu. Anati chikonzedwe m'nyumba momwemo, masana, pamaso pa mboni. Ndipo mboni yaikulu, yokhala pafupi kuti ione ngati zitsulo zikubedwa, anasankha ine.

Ba Mulenga anafika pa njinga ndi kachikwama ka zida. Aneba anadzaza pakhonde ndi pazenera. Atandiona anayamba, popeza ife a Kum'mawa ndi Abemba timatukwanana mwachimbuya: iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani.

"Aa, mbuya, uli pano? Ninshi nadziwa kale matenda. Muli mbeba umu, uyu anabisamo ndiwo."

"Iwe konza," ndinatero. "Kapena ukufuna tikupatse nyani poyamba?"

Anamasula masikuluwu mmodzimmodzi n'kuwaika m'mbale, ba Mweemba akuwawerenga. Atachotsa chivundikiro, anaima. Ananunkhiza. Analowetsa chala, anachitulutsa chikunyezimira, anachiyang'ana pa kuwala, n'kuchinyambita.

"Ba Mweemba, ichi chilimba mwenze kukazingiramo mazira?"

"Ati bwanji?"

"Ni saladi iyi. Lamba isambira. Pangotsala anyezi na tomato."

Anthu a pazenera anaseka. Pa mzere wonse wa nyumba zathu panali munthu mmodzi yekha amene ntchito yake inali ya saladi. Ba Mweemba anaimirira pang'onopang'ono.

"Bana Mutinta! Bwerani kuno."

Anabwera akupukuta ufa m'manja.

"Zaka zisanu nagula ichi chinthu. Sinamwe, sinavale. Imwe mwachithira mafuta ya vitumbuwa? Batani mwapyanga, nakhala chete. Manje izi? Ngati chilimba chimubabani, kambani, mubwerere ku Simonga kwamene kulibe malaiti!"

Apa, owerenga anga, ndi pamene munthu wamwamuna amaimirira. Ndinadziwa. Mtima unandiuza, ndipo ndinatsegula pakamwa. Anthu onse anatembenukira kwa ine.

"Koma lero kwatentha," ndinatero.

Mawu amenewo amandidzutsabe mpaka pano.

Bana Mutinta anapinda manja n'kutsamira chitseko. Ba Mulenga anapitiriza ntchito, akupukuta ndi thonje ndi sipiriti, anaikamo lamba watsopano, anakankha kachitsulo kena, ndipo kachitseko kanatseguka mofatsa ngati sikanavutepo. Anatulutsa kaseti.

"Ilibe dzina iyi," anatero.

"Si yanga," anatero ba Mweemba.

"Tiyese na yamene iyi."

"Mwina yaonongeka ndi mafuta," ndinatero. "Ingadetse mutu wa chilimba. Ndipatseni ndikataye."

"Mbuya, khala pansi. Dokotala ndine."

Anaibweza ndi bolopeni, anaiikamo, ndipo ba Mweemba, pofuna kuti Dambwa yonse imve kuti wakufa wauka, anakweza voliyumu mpaka kumapeto. Ine ndinayang'ana zenera. Linali ndi zitsulo.

Timagetsi tinavina. Ndipo m'masipika aatali aja munatuluka mawu aang'ono, akuthwa, othamanga, ngati a mayi amene wachedwa basi.

"Mbu-zi ya-dya chi... chi-pe... chi-pe-wa. Chipewa!"

Sanali mawu anga. Ndiye kuti anali anga, koma ngakhale amayi ondibala sakanawazindikira. Pojambula paja lamba ankaterera m'mafuta, tepi ikuyenda pang'onopang'ono. Tsopano pa lamba watsopano inkathamanga, ndipo mawu anga a m'mabogi anasanduka a mzimayi.

"Iwe, mutu ngati dzungu! Bwereza!" anakuwa mzimayi wa m'sipikayo.

Pakhonde anthu anagwa. Ba Sitali anagwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe. "Atate akwiya!" anabwereza akuloza ba Mweemba. "Yakamba zoona! Atate akwiya!"

Ba Mulenga yekha sanaseke kwambiri. Anawerama ngati akutola sikuluwu, n'kundinong'oneza: "Mbuya, nikaika chala pa lamba apa, uyu mukazi angasanduke mudala wa ku Katete. Niike?"

Ndinamuponda phazi.

Tepi itafika pamene atate agwa m'matope, inatha. Ba Mweemba anatembenukira kwa akazi awo. "Ndimwe aba?"

Bana Mutinta anayang'ana amuna awo. Anayang'ana anthu a pazenera. Kenako anayang'ana chala changa chachikulu, chakuda chija, chimene ndinali nditachibisa pakati pa mawondo.

"Ee, ndine," anatero. "Nanga ni nyimbo chabe zamene zifunika kulowa umo? Niphunzira kuwerenga. Chenze kukoka, nachithira mafuta. Manje munipeleke ku Simonga."

Ba Mweemba anawayang'anitsitsa akazi awo. Ndinaganiza kuti tsopano denga ligwa. Koma munthu wa chilimba ndi wa chilimba. Anapita pa mpando wa choko, anakhala, anatseka maso.

"Ba Mulenga, bwezani. Nimvenso."

Anabweza. Mbuzi inadyanso chipewa.

"Mwamva?" anatero, maso akadali otseka. "Mwamva mwamene yatulukira *chi* uja? Woyera! Ngati munthu ali mu nyumba muno. Na kupuma kwake kumveka. Ba Sitali, wailesi yanu ya makofi ingachite izi?" Kenako anatsegula maso, ndipo anali onyowa. "Bana Mutinta, muphunzira kuwerenga, ine osaniuza? Mweka chabe, na mutu wanu?"

"Mukanamva? Imwe mumvera besi chabe."

"Koma mafuta, mayo, mafuta..."

"Mafuta nalakwa."

"Basi yasila." Anaimirira n'kuyang'ana pazenera. "Mwamva imwe? Mukazi wanga awerenga! Bwezani futi!"

Tsiku limenelo mbuzi inadya chipewa kasanu ndi kawiri. Kenako anaika kalindula, mipando inasunthidwa, choko chinafufutika ndi mapazi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nyumba ija anthu anavina m'malo momvetsera. Ba Sitali anavina ndi mbale ya masikuluwu pamutu. Inenso ndinavina, ndisaname. Munthu amene wapulumuka pa chingwe amavina bwino kwambiri.

Dzuwa likupendeka ndinati ndizembe kudzera kuseri. Ndinapeza bana Mutinta atakhala pa mbaula, akutembenuza zitumbuwa.

"Ba Girizi, bwerani."

Ndinabwera ngati mwana wa sukulu.

"Botolo yanga ya saladi ili na chidindo cha chala chakuda. Kaseti ya rumba naipeza kumbuyo kwa kabati pa Mande. Na kwaya ya ku Libuyu naiziba, mulongosi wanga agulitsa tomato pa geti. Ati kwaya yamene siimba."

"Mlamu, ndikhululukireni. Ndipita pompano ndikawauze."

"Mukauze ndani? Mwaona mwamene bakondwera? Zaka fifitini, lero ndiye banimvetsera na maso yotseka." Anatulutsa chitumbuwa m'mafuta n'kuchiika pa pepala. "Koma manje Dambwa yonse iziba ati niwerenga. Sondo ikubwera bazanipatsa Baibo mu chechi. Ine na a siniziba. Mwaniika mu mulandu, muzanichotsa ndimwe."

"Nditani?"

"Mailo mubwere na buku ya mbuzi. Pa Mande munipeleke ku kwaya yanu."

Anandipatsa chitumbuwacho. Chinali chotentha, koma ndinachigwira osadandaula.

Bana Mutinta anandipitirira m'miyezi isanu ndi umodzi. Patapita zaka anakhala mlembi wa amayi ku tchalitchi kwawo, ndipo makalata anga a penshoni anandithandiza ndi iwo. Kaseti ija ba Mweemba anailemba dzina ndi inki yofiira n'kuisunga pamwamba pa zonse. Khirisimasi iliyonse, alendo akadya, ankaiika, ndipo ine ndinkakhala pomwepo ndikumwetulira, ndikudzimva ndikudzitcha dzungu ndi mawu a mzimayi. Chilango chimenecho ndinachilandira zaka zambiri, mpaka tepi inadzadukaduka. Nthawi zina ikatha, ba Mweemba ankanditembenukira n'kufunsa, "Ba Girizi, paja mbuzi inadya chani?" Sindidziwa ngati linali funso chabe. Anatisiya chaka chatha, ndipo sindinawafunse.

Phunziro lake? Ndinkafuna kulemba kuti choonadi chimamasula, koma amene anandimasula ine ndi mayi wa zitumbuwa, ndi bodza. Chimene ndinaphunziradi n'chakuti si chozungulira chilichonse chimafuna mafuta. (Ngakhale fani ya mdzukulu wanga ikukoka masiku ano, ndipo ndimaiyang'ana.)

Koma ndibwerere ku m'mawa wa Lamlungu lija, tsiku lotsatira ba Mulenga atakonza chilimba. Ndinadzuka nditatsimikiza mtima kuti, kaya mlamu afune kaya asafune, ndikaulula. Ndinavala jekete, ndinaika batani m'thumba lamanja, buku la mbuzi m'thumba lamanzere, ndipo panjira ndinagula kope ndi pensulo. Ndinafika pakhomo mawu nditawakonza bwino.

Ba Mweemba anatsegula chitseko asanavale n'komwe nsapato. "Ba Girizi! Mwabwera bwino. Shh, osakamba. Lamba yatsopano yasintha besi. Khalani apa." Ndipo anandikhazika pa mpando wawo, pakati penipeni, pamene sanakhazikepo munthu.

Ndinakhala. Besi inadutsadi pansi pa mpando. Dzanja langa linalowa m'thumba lamanja, linagwira batani, linalisiya.

Nyimbo itatha ndinapempha madzi akumwa, ndinazungulira kuseri, ndinabwereka mpeni wa anyezi, n'kudula pensulo ija pakati. Theka ndinapatsa bana Mutinta. Tinakhala pa njerwa pafupi ndi mbaula, ndinatsegula tsamba loyamba, ndipo ndi chala changa chakuda ndinawalozera a.